Mawu Amene Ndinanena Pakhonde la Ekisire

Tsiku limenelo kunacha ndi nkhungu, ija ya mwezi wa Juni imene imakuta Mzuzu mpaka munthu osaona mitengo ya kutsidya kwa msewu. Mvula yowaza inkagwa pamalata a khonde la chipatala, yosalimba koma yosaleka. Kunja kwa mpanda njinga zamoto za kabaza zinkaliza mabelu. Pamabenchi anthu ankatsokomola atafunda zitenje mpaka kumutu, ndipo mwana wina ankalira kulira kwa munthu amene watopa kale ndi kulira. Ndimakumbukiranso tayala la machira amene ndinkakankha. Linkalira pang'onopang'ono ngati mbewa, ndipo ndinali nditanena kangapo kuti alithire mafuta.

Ndinkagwira ntchito pachipatala china chaching'ono mumzindamo. Sindinali dokotala, sindinali namwino. Ife tinali aja okankha odwala, okolopa, onyamula nsalu zakuda kupita nazo kochapira, otumidwa ndi aliyense wovala zoyera. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndinabwera kumpoto ndili mnyamata ndipo ndakalambira ku Zolozolo. Mkazi wanga anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ana anali atakula n'kuchoka, moti ndinkakhala ndekha, kudziphikira ndekha. Kumpingo ndinali mkulu, mmodzi mwa onyamula thireyi ya tizikho pa mgonero. Kuntchito onse ankanditcha adada, ngakhale madokotala. Dzina labwino ndilo linali chuma changa, ndipo sindinkadziwa kuti ndinkalikonda chotero mpaka pamene linadetsedwa.

Ntchito ya kuchipatala ili ndi zoopsa zake, ndipo ankatiphunzitsa. Singano yogwiritsidwa kale suyivundikira, umaiponya m'bokosi lake. Nsalu zakuda suzikumbatira pachifuwa, chifukwa sudziwa chimene chatsalira m'kati. Kuwodi ya chifuwa chachikulu umavala chophimba pakamwa ndi kutsekula mawindo, kaya kuzizire bwanji. Mankhwala okolopera aja a kolorini suwasakaniza m'chipinda chotseka. Za ekisire anatiuza ndi wojambula wathu, bambo wachinyamata wodekha, kuti makina aja amatulutsa kuwala kosaoneka, ndipo kwa munthu wamkulu kamodzikamodzi si kanthu, koma mwana amene akuumbika m'mimba sayenera kukumana nako. Pachitseko panali chikwangwani chouza amayi oyembekezera kuti anene asanalowe.

Panali kachitidwe kena kamene tonse tinakazolowera. Mwana wamng'ono sakhala phee pomujambula, ayenera kugwiridwa. Wojambula ankayamba wafunsa mayi wa mwanayo monong'ona ngati ali ndi pakati. Mayi akavomera, kapena akakayika, ankamutulutsa panja, n'kusuzumira pakhonde kuitana aliyense wa ife amene ali pafupi. Woitanidwayo ankavala epuloni ya mtovu, yolemera ngati thumba la mchenga, n'kugwira mwana manja mpaka makina atalira. Amayi odzera kunja ankafunsidwa tsiku lililonse. Ife a m'nyumba palibe anatifunsapo. Sikuti anali woipa mtima. Tinali ngati mabenchi, zinthu za pamalopo.

M'gulu lathu munali mtsikana wina wongokwatiwa kumene. Ndimati mtsikana chifukwa anali msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Ankakhala ku Chibanja. Mwamuna wake, wa ku Nkhata Bay, ankagwira ntchito ku Joni, ndipo anabwera nthawi ya Pasaka n'kubwereranso. Mtsikanayo anali wansangala, wachangu, ndipo ankakonda kuseka Chitumbuka changa. Ndikati monire, iye ankati zaka zonsezi adada mukupatsabe moni ngati mukuwerenga pabolodi. Popeza anali wopepuka miyendo ndiponso ana ankamukonda, wojambula ankamuitana iye kawirikawiri kuposa tonsefe.

Sindinafufuze kanthu. Munthu amene wakhala ndi mkazi zaka zambiri, n'kulera naye ana, maso ake amaona okha. Ndinaona kuti wasiya tiyi wa mkaka amene ankamukonda. Ndinaona kuti akatsekula chigubu cha kolorini amatembenuza nkhope n'kuthamangira kumpopi. M'thumba la yunifolomu ankasunga ndimu, n'kumainunkhiza. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa kochapira akutafuna dothi lija amagulitsa mumsika, ndipo atandiona analibisa m'dzanja. Mkazi wanga ankachita zomwezo, ndimu yomweyo, dothi lomwelo. Ndinkachita kukamugulira ndekha, amayi ogulitsa n'kumandiseka. Ndipo pakati pa mwana wathu woyamba ndi wachiwiri panali wina amene anapita padera. Sitinadziwe chifukwa chake. Mkazi wanga sanamutchulenso mpaka tsiku lomwalira, koma ndinkadziwa kuti ankamuwerengera pamodzi ndi enawo.

Tsono ndinayamba kuvutika mumtima. Mimba yoyamba sinenedwa. Mwini wake amakhala chete mpaka amayi akuluakulu a kuchimuna atabwera, kumukhazika pansi ndi kumulangiza. Isanafike nthawi imeneyo, ngakhale aliyense aone, palibe waona. Ndipo mwamuna, makamaka amene si mwini wake, alibe pakamwa pa nkhani yotere. Izi ndinazidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo sindinkaziona ngati zopusa. Zimateteza mkazi ku maso ndi malilime a anthu. Koma nthawi iliyonse chitseko cha ekisire chikatsekeka iye ali m'kati, maso anga sankachoka pachitsekocho.

Ndinachita chimene ndinaona kuti n'choyenera. Ndinapita kwa mayi wamkulu wa gulu lathu, amene anayamba ntchito ine ndisanabwere, munthu wopemphera ndiponso wolangiza atsikana kumpingo kwawo. Ndinamupeza akupinda nsalu. Ndinazungulira kwambiri ndisanafike pa nkhani. Ndinati mwana uja masiku ano sakuoneka bwino, mwina ntchito zina zikumulemera, mwina amama mungamuone. Anandiyang'ana, nsalu ili m'manja.

"Adada, inu mwaona vichi?"

Ndinati sindinaone kanthu, koma ndikupempha kuti alankhule naye, kapena auze a metroni mwakachetechete, kuti asamalowe kojambula kuja. Anayankha kuti apongozi a mtsikanayo ali kunyanja ndipo adzabwera akamaliza zokolola. Anati iye sangadumphe eni ake a mwana n'kukanena kuofesi chinthu chimene sichinanenedwe kunyumba. Chitachitika choipa, adzati ndani analodza ndi pakamwa? Anati epuloni ilipo, Mulungu aliponso. Kenaka anatsitsa mawu.

"Izi si za abambo. Mukazitenga, zidzakutengani."

Ndinathokoza n'kutuluka. Sindinamuweruze, ndipo lero sindimuweruza. Ankaopa chinthu chenicheni kwa iye, monga inenso ndinkaopa changa.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuzembera khonde la ekisire. Ndikamva mwana akulira kumeneko, ndinkasiya chokolopera n'kufulumira, kuti wojambula akasuzumira apeze ine. Mtsikana uja akanyamuka, ndinkati khalani mwana wanga, ndipita ndine. Chigubu cha kolorini ndinkasakaniza ndisanamwe tiyi, kuti apeze zatha. Kuwodi ya chifuwa ndinkasinthana naye, ine kumeneko, iye kwa ana. Ndinkaganiza kuti ndikuchita mobisa. Koma munthu wa msinkhu wanga akayamba kuthamanga, aliyense amaona. Anzathu anayamba nthabwala pa tiyi. Wina anati adada apeza mankhwala a mawondo. Wina anati ayi, mankhwalawo ali ndi miyendo iwiri ndipo amakhala ku Chibanja. Tinaseka tonse, mtsikanayo anasekanso, n'kunena kuti adada ndi bambo anga, musiyeni andilere. Ndinaseka nawo chifukwa sindinaone kuti nthabwala imeneyo ikufesa chiyani.

Tsiku la nkhungu lija ndinali ndi wodwala pamachira, bambo wokalamba wopuma movutika, namwino ali pambali atagwira botolo la madzi a m'mitsempha. Sindikanamusiya. Tikudutsa pakhonde la ekisire, chitseko chinatsekuka ndipo munatuluka mayi wa mwana wolira uja. Iye mimba yake inali yoonekera kwa aliyense. Wojambula anasuzumira, anaona mtsikana uja akukolopa chapafupi, n'kumukodola. Iye anatsamiritsa chokolopera kukhoma, n'kupukuta manja pa yunifolomu.

Ndinaimitsa machira. Ndinati asalowe, ndibwera ndine ndikangofikitsa wodwalayu. Wojambula anati mwanayo sangadikire, dokotala akufuna chithunzi tsopano lino. Namwino anati tiyeni adada, bamboyu akufunika mpweya. Mtsikanayo anamwetulira n'kunena kuti musadandaule adada, lero ndi tsiku langa. Anali atafika kale pakhomo, dzanja lili pa epuloni. Ndinanenanso kuti asalowe, ndipo mawu anga anakwera kuposa mmene ndinkafunira. Wojambula anandiyang'ana modabwa n'kufunsa chifukwa chake.

"Ndi woyembekezera," ndinatero.

Sindinanong'one. Khonde lija ndi lalitali ndipo limabweza mawu. Otsokomola analeka kutsokomola. Ndinamva mvula pamalata ngati yangoyamba kumene. Mtsikanayo anaima chilili, dzanja likadali pa epuloni, ndipo nkhope yake inachita ngati ndamumenya mbama. Kenaka pabenchi, bambo wina amene sindinkamudziwa n'komwe, wodwala wongodikira nthawi yake, anafunsa mwansangala, kuti onse amve:

"Nanga inu mwadziwa bwanji, madala?"

Anthu anaseka. Sikunali kuseka kwankhanza, kunali kwa anthu ozizidwa amene apeza chowasangalatsa. Mtsikanayo anathawira kochapira. Wojambula anaitana mlonda kuti adzagwire mwana. Ine ndinakankha machira, tayala likulira, ndipo sindinadzutse mutu mpaka kuwodi.

A metroni anachita zinthu mwanzeru. Anamuitana payekha, ndipo pofika mawa lake anali atamuchotsa ku ekisire, kuwodi ya chifuwa ndi ku mankhwala okolopera, n'kumuika kosungira nsalu zochapa kale. Pamsonkhano wa antchito ananena kuti mkazi aliyense amene akudziona kuti mwina ali ndi pakati azipita kwa iwo yekha, chitseko chotseka, ndipo adzasinthidwa ntchito popanda wina kuuzidwa chifukwa. Anauzanso wojambula kuti azifunsa aliyense wolowa m'chipinda chija, wakunja ndi wa m'nyumba yemwe. Sananditchule. Koma aliyense anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Funso la bambo wa pabenchi lija silinafe. Linayenda. Anthu anayamba kulumikiza zinthu: adada ankamuthamangira, adada ankamugwirira ntchito, adada alibe mkazi, mwamuna wa mtsikanayo ali kutali, ndipo adada anadziwa zimene ngakhale apongozi ake sanadziwe. Chilichonse mwa izi chinali choona. Ndikalowa m'kachipinda kathu ka tiyi, nkhani inkaduka. Amene ankandigawira chinangwa chophika anayamba kudyera kumbali. Palibe anandinena pamaso. Ndikanakonda akanatero, chifukwa munthu sungayankhe chinthu chimene sunafunsidwe. Mayi wamkulu uja, yekhayo amene ankadziwa kuti ndinayamba ndapita kwa iye, anakhala chete. Ndinamva pambuyo pake kuti atafunsidwa anangoti iye anandichenjeza. Sananame. Koma mawu amenewo anthu anawamva mwina.

Loweruka lina masana, mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera ku Luwinga kudzandichapira makatani, kunafika alendo awiri. Anali apongozi a mtsikana uja, mayi wamfupi wovala duku loyera, ndi mlamu wake, mkulu wa mwamunayo. Ndinawapatsa mipando pakhonde. Tinapatsana moni mwaulemu wonse, kufunsana za kunyanja, za mvula, za ulendo. Kenaka mlamuyo ananena kuti mng'ono wake akuimba foni kuchokera ku Joni osagona, chifukwa wamva kuti mimba ya mkazi wake yalengezedwa ndi mwamuna wina pagulu la anthu. Anati sanabwere kudzakangana. Anabwera kudzamva kuti ine ndine yani kwa mkazi wa mng'ono wake.

Ndinafotokoza. Ndipo kufotokozako ndiko kunandichititsa manyazi kuposa kunenedwa. Ndinayenera kunena, pamaso pa mayi wachikulire, kuti ndinkaona mpongozi wake akulavula, akununkhiza ndimu, akudya dothi. Mawu aliwonse ankandionetsa ngati munthu amene amayang'anitsitsa akazi a eni. Ndinatchula mkazi wanga, ndi mwana wathu amene anapita padera, nkhani imene sindinauzepo munthu, ndipo ndinaitulutsa ngati umboni pabwalo. Mwana wanga anali kuseri kwa chitseko, manja ali ndi thovu. Umu ndi mmene anadziwira kuti anali ndi m'bale wina.

Mayiyo anamvetsera osandiyang'ana. Pomaliza anati kwawo mimba ikatchulidwa poyera isanalangizidwe, chilichonse chochitika chimakhala pamutu pa wotchulayo. Anati adikira aone. Anakana tiyi. Atapita, mwana wanga anapitiriza kuchapa, ndipo pochoka anangoti, "Bambo, mukanangowasiya."

Nkhani inafika kumpingo, chifukwa ku Zolozolo mpanda wa nyumba ndi maluwa okha. Abusa anandiitana pamodzi ndi akulu anzanga awiri. Analankhula mofatsa. Anati palibe akundiimba mlandu, koma mkulu ayenera kukhala wopanda chonenedwa, ndipo kuti ofooka asakhumudwe, ndiyambe ndapuma pa ntchito ya mgonero mpaka zinthu zitaoneka bwino. Mmodzi mwa akuluwo, amene tinaika naye maliro a mkazi wanga, ananena kuti n'chifukwa chake ankandilangiza kuti ndikwatirenso. Ndinavomera chigamulo chawo. Ndikanakhala pampando wawo, mwina ndikanagamula chimodzimodzi.

Lamulungu la mgonero ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Thireyi inabwera m'manja mwa munthu wina. Ndinatenga kachikho n'kumwa nditawerama. Ndinkadziwa kuti sindinachite chimene ankandiganizira. Koma manyazi safunsa ngati wachita. Ndinkayenda mumsewu ngati ndavala malaya ong'ambika kumsana, amene aliyense akuona kupatula ine. Ndinasiya kupita kumsika masana. Popemphera ndinkasowa mawu, ndinkangogwada.

Tsiku lina wojambula uja anandipeza ndikutsuka machira kuseri. Anati wakhala akufuna kundiuza kuti kulakwa kunali kwake, chifukwa ankafunsa alendo n'kuiwala anzake. Ndinamufunsa chinthu chimene chinkandidya: kodi mtsikanayo akanalowa tsiku lija, mwanayo akanavulala? Anaganiza kaye, chifukwa sanali munthu wonena zokondweretsa. Anati kunena zoona, kamodzi kokha, atavala epuloni, mwina sipakanachitika kanthu. Anati choopsa chinali kubwerezabwereza, mwezi ndi mwezi, ndipo palibe akanadziwa mpaka mimba itaonekera. Ndinamuthokoza. Koma mawu akuti mwina sipakanachitika kanthu ndinapita nawo kunyumba, ndipo anakhala nane nthawi yaitali. Tsiku limenelo ndikanatha kudikira, kufikitsa wodwala wanga, n'kupita kwa a metroni mwakachetechete. Pakhonde paja sindinaganize zimenezo. Ndinangoona dzanja lake pa epuloni.

Mtsikanayo sanandilankhule miyezi yonseyo. Tikakumana ankayang'ana kukhoma. Ndinkamva kuti nayenso zinamuvuta, kuti mwamuna wake anasiya kaye kumuimbira, kuti kunyumba ankamufunsa mafunso. Zimenezi zinkandipweteka kuposa zanga. Atatsala pang'ono kupita kutchuthi cha uchembere, ndinatumidwa kukatenga nsalu kosungira kuja, ndipo ndinamupeza yekha, atakhala pampando, miyendo itatupa. Anandiwerengera nsalu osandiyang'ana. Ndikunyamula, analankhula.

"Mukanandiuza ineyo, adada."

Ndinati sindikanatha, mwana wanga, mwamuna sanena zotere kwa mkazi wa mwini. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti koma kunena kwa khonde lonse ndiye munatha. Anasalaza nsalu pamwendo.

"Mukanandiuza, ndikanakana," anatero. "Ndipo ndikanalowabe. Ndinkaopa chipinda chija tsiku lililonse, koma ndikanati chiyani? Koma pakhonde paja munandivula, adada. Zonse ziwiri n'zoona."

Ndinati ndamva. Ndinapempha kuti andikhululukire pa kumuvulako. Iye anandiikira nsalu ina pamwamba pa mtolo n'kuikonza kuti isagwe.

Anachira nthawi ya mvula, mwana wamkazi, wamphumphu. Ndinamva kwa namwino wina pakhonde lomwe lija, ndipo ndinalowa m'chipinda chosungira zokolopera, n'kutseka chitseko, n'kuthokoza Mulungu nditatsamira khoma. Sindinganene kuti mwanayo anabadwa bwino chifukwa cha ine. Wojambula anandiuza kale kuti zimenezo palibe angadziwe. Ndinkangodziwa kuti chimene apongozi aja anaika pamutu panga chatsika.

Mwamuna wake anabwera pa Khirisimasi. Sindikudziwa zimene anakambirana m'banjamo, ndipo si zanga. Ndinangoona kuti ukwati ulipo. Tsiku lina pobwera kuntchito ndinapeza pakhomo panga kathumba ka ufa wa kondowole ndi phava la nthochi. Aneba anati anasiya ndi mayi wamfupi wa duku loyera, ndipo sanasiye mawu aliwonse.

Kumpingo kunalibe msonkhano wondibwezera. Lamulungu lina la mgonero, ndikupita kumpando wanga wa kumbuyo, mlembi wa mpingo anandigwira pamkono n'kunena kuti akulu achepa lero, bwerani kutsogolo. Anandipatsa thireyi ngati ndinangodwala malungo sabata yatha. Ndinayenda nayo mzere ndi mzere, ndipo anthu omwe aja ankatenga tizikho m'manja mwanga maso ali pansi. Kuntchito chinangwa chinayambanso kundifika. Mayi wamkulu uja tsiku lina anandithirira tiyi ndisanapemphe, n'kunena kuti kukuzizira chomene lero, adada. Ndinati yewo, amama.

Palibe anabwera kudzati tinakulakwirani. Kwa kanthawi ndinkayembekezera, ndipo ndinkakonza m'mutu mawu amene ndidzayankhe. Kenaka ndinaona kuti ufa uja, thireyi ija ndi tiyi uja ndiwo mawu amene akanatha kunena, monga inenso ndinalephera kunena zanga kwa mtsikana uja m'njira yoyenera. Tonse tinakulira m'nyumba zimene zinthu zina sizitchulidwa.

Ndinapuma ntchito patapita zaka zochepa. Ndimamva kuti atsikana a pachipatala paja amapitabe kwa a metroni, chitseko chotseka, n'kusinthidwa ntchito popanda wofunsa. Mwana uja ndinamuona kamodzi mumsika, atagwira chitenje cha mayi ake, akulirira mandasi. Mayi ake anandipatsa moni n'kumuuza kuti apatse moni agogo. Anabisala kumbuyo kwa mayi ake. Mpaka lero nkhungu ikatsika ndi mvula yowaza ija, ndimamva mawu anga akubwerera pakhonde, ndipo nkhope yanga imatentha ngati zachitika dzulo. Manyaziwo sanathe, ndipo ndasiya kupempha kuti athe. Koma bambo wa pabenchi uja, anzanga a pa tiyi, mayi wamkulu uja, apongozi ndi mlamu, abusa ndi akulu anzanga, onsewo ndinawakhululukira.